Ambulera ndi Supuni

Lachiwiri, 3 Juni

Mwana wanga wamkazi wandibweretsera kope ndi pensulo kuti ndisiye kuvutitsa manesi ndi mafunso. Bolopeni yakana kulemba chozondoka. Ndikulemba ndili chagada, kope lili m'mwamba, ndiye zilembo zikapindika amene adzawerenge apirire.

Ndinagonekedwa Lamulungu. Njinga yamoto inandiomba ndikuchokera kogula ulusi, fupa la ntchafu yakumanzere n'kuthyoka. Andiboola pansi pa bondo, alowetsa kachitsulo, amangirira chingwe, ndipo kumapeto kwa chingwecho kukulendewera zitsulo zolemera. Akuti zizikoka mwendo mpaka tsiku la opaleshoni. Tsikulo silikudziwika, akudikira chitsulo choika m'kati mwa fupa. Mankhwala: jakisoni wa ululu m'mawa ndi madzulo, ndi wina waung'ono wa pamimba woletsa magazi kuundana.

Ululu ndikupirira. Chimene chikundiopsa n'chakuti sindingatembenuke. Ine sindigona chagada, ndinasiya ndili mtsikana.

Lachitatu, 4 Juni

Zabwera. Ndinadziwa kuti zibwera.

Usiku muno simugoneka, magetsi sazima, wina kubuula, wina kuitana mwana wake amene kulibe. Ndiye tulo timandigwira masana, tikatha kudya, alendo atatulutsidwa. Lero ndinangoti nditseke maso pang'ono, kenako ndinadzuka. Denga ndikuliona, botolo la diripi la bedi lapatsogolo ndikuliona, wokolopa pakhonde ndikumumva. Koma thupi zii. Dzanja likukana, lilime likukana, pachifuwa ngati wina waikapo makina anga osokera ndi tebulo lake lomwe. Kumiyendo kwa bedi iye waima. Nkhope yake sindinaionepo chiyambire. Kunyumba timamutcha Kasitomala, chifukwa amangoima osalankhula monga amachitira munthu wodzatenga diresi lomwe sindinayambe n'kudula komwe.

Kunyumba mankhwala ake ndi amuna anga. Zikandigwira, chimene chimandimverabe ndi mpweya wokha, ndiye ndimapuma mofulumira, mwaphokoso. Iwo amamva ngakhale ali m'tulo tofa nato, amandigwedeza phewa, basi zatha. Takhala choncho chikwatirane. Koma muno belu lotulutsa alendo likalira amuna onse amatuluka. Ndinapuma mpaka kukhosi kunauma, palibe anandikhudza. Zinandisiya zokha, ndipo ndinalira, ine mayi wa zidzukulu.

Lachisanu, 6 Juni

Pa bedi la kudzanja langa lamanja pali mayi wamkulu kundiposa. Anagwa m'bafa n'kuthyoka m'chiuno, koma madokotala akukana kuwachita opaleshoni mpaka mtima ukhazikike. Mtima wawo ndi wofooka, mapazi atupa, madzi amadzaza m'mapapo. Iwo sangagone chagada, amakhala chotsamira mapilo usana ndi usiku, pamene ine sindingakhale tsonga. Akuti ankagulitsa nsomba pamsika, mawu awo ankamveka mpaka kokwerera mabasi. Pano amangonong'ona, mawu awiri n'kupuma. Pambali pa bedi amasunga ambulera yakuda yokokera katani ndi kukankhira zenera, ndiye wodi yonse imawatcha Amayi a Ambulera.

Masana zinandigwiranso. Ndili mkati mopuma mwawefuwefu, chinthu chinandibaya m'nthiti, thupi n'kumasuka nthawi yomweyo. Inali ambulera.

"Mukufa kodi, aTelala?" ananong'ona.

Ndinawafotokozera zonse. Sanaseke, ndipo sanayambe kundifunsa amene ndinayambana naye monga amachitira anthu akamva nkhaniyi. Anangomvetsera, kenako anandiuza zawo. Nthawi zina mpweya umawathera mwadzidzidzi, mawu osatuluka. Belu la pabedi pawo linafa kalekale, langanso ndi chokongoletsera chabe. Masana wodi yonse imatsala ndi nesi mmodzi, ndipo tebulo lake lili kutali, kuseri kwa chitseko.

Tapangana. Iwo sagona, ndiye akamva ndikupuma mwa mtundu uja andibaye. Ine mawu ndili nawo, anthu a mumsewu wathu angachitire umboni, ndiye iwo akagogoda chitsulo cha bedi ndi supuni ndikuwe mpaka nesi afike.

"Musadzandigwiritse fuwa lamoto," anatero.

Ndinawauza kuti telala amanama za tsiku lotha diresi basi, zina zonse amasunga.

Loweruka, 7 Juni

Amuna anga abwera ndi mpunga ndi nkhuku yophika okha, mchere anachita kukhuthula. Ndadya kuti asakhumudwe. Nditawauza za ambulera anapita kukapereka moni kwa mnzangayo, chipewa chili m'manja, n'kuwauza kuti azibaya pang'onopang'ono, mkazi wawo ndi wamanyazi m'nthiti. Ndaona kuti zawawawa kuti ntchito yawo yatengedwa ndi wina.

Madzulo kwabwera mwana wa Amayi a Ambulera. Ndi mmodzi yekhayo, amagwira mufakitale ya sopo ndipo amafika akununkhira sopo, maso ali psu. Wasenda malalanje, wawapesa tsitsi mayi ake, wawadula zikhadabo. Salankhula zambiri. Potuluka wandipempha kuti ndiziwayang'anako masana. Ndati asadandaule.

Lamulungu, 8 Juni

Supuni yalira kwa nthawi yoyamba. Ndinali maso, ndikuwerenga madontho a padenga. Nditacheuka, milomo yawo inali itada, mapewa akukwera ndi kutsika. Ndinakuwa mpaka wa bedi lakumapeto anagwetsa kapu. Nesi anabwera chothamanga, anawaika chipangizo cha mpweya kumphuno, anawabaya jakisoni wochotsa madzi m'thupi. Pofika nthawi ya tiyi anali akupuma bwino.

Atapeza mawu anandiuza kuti ndikanakhala pamsika pawo, nsomba zikanamatha dzuwa lisanakwere. Ndasangalala ngati mwana. Chigonekedwereni muno, lero ndi tsiku loyamba limene ndakhala wa ntchito.

Lachiwiri, 10 Juni

Andijambulanso mwendo. Fupa lakhala pamalo pake, chitsulo sichinafikebe. Pabala pa bondo palibe mafinya.

Dokotala wamng'ono, wamkazi, wovala magalasi aakulu, anaona mikwingwirima m'nthiti mwanga n'kufunsa amene akundimenya. Ndinaloza Amayi a Ambulera. Atamva nkhani yonse anakoka mpando n'kukhala, chinthu chimene madokotala muno sachita. Ndilembe bwino zimene ananena, chifukwa palibe anandifotokozerapo chibadwire changa.

Akuti munthu akamalota, ubongo umamanga thupi dala kuti asadzuke n'kuyamba kuthamanga monga akuthamangira m'malotomo. Kawirikawiri munthu podzuka, maganizo ndi thupi zimamasukira limodzi. Kwa ena ngati ine maganizo amatsogola, thupi n'kutsalira. Maso akuona chipinda chenicheni koma maloto sanathe, ndiye amalowerera m'chipindamo, ndipo Kasitomala amachokera kumeneko. Kulemera kwa pachifuwa n'chifukwa choti mpweya wa m'tulo ndi wosazama, iwe ukufuna kukoka wambiri koma nyama za m'nthiti zikadali m'tulo. Akuti sizipha, si khunyu, si misala, ndipo anthu ambiri zimawachitikirako kamodzi kapena kawiri pa moyo wawo. Zimakonda munthu wosagona mokwanira, wankhawa, ndi wogona chagada.

Ndinati ndiye mwandikonzera zonse zitatu, adokotala. Anaseka n'kuvomera.

Ndinayembekeza kuti ndikondwa. Koma ndakwiya pang'ono. Zaka zonsezi ndakhala ndikuopa munthu amene ndimamusoka ndekha.

Lachinayi, 12 Juni

Ndachita manyazi lero.

Zinandigwira masana monga mwa nthawi zonse. Koma mkati mwake ndinamva supuni, ngwe ngwe ngwe pachitsulo, momveka bwino. Kasitomala anali atachoka kumiyendo kwanga, ataima pa bedi la mnzanga, atawerama. Ndinalimbana nazo ndi mphamvu zanga zonse. Zitandisiya ndinadzambatuka n'kukuwa, mwendo unatsatira, zitsulo zinagunda bedi. Ululu wake sindingaulembe.

Nesi atafika anapeza Amayi a Ambulera akusenda lalanje. Supuni inali m'kapu, sinakhudzidwe. Sanandibaye chifukwa anali atayang'ana kuzenera, akuti kunkatsitsidwa katundu. Wodi yonse inadzuka, ena anatukwana. Pabala patuluka magazi, andimanganso. Nesi sanandikalipire kwenikweni, anangoti ndikapitiriza chonchi fupa lisuntha ndipo ndidzayenda chotsimphina mpaka kumanda.

Mnzangayo anaseka mpaka kutsokomola, kenako anandipatsa theka la lalanje pa nsonga ya ambulera.

Lachisanu, 13 Juni

Fupa lasuntha pang'ono. Awonjezera chitsulo china ku chingwe.

Dokotala wa magalasi wandiuza kuti zikandigwira makutu nawo amanama chimodzimodzi ndi maso. Munthu amamva kugogoda, mapazi, dzina lake, makamaka chimene akuchiopa kwambiri. Wandiphunzitsa chochita. Zikandigwira ndisalimbane nazo, chifukwa kulimbana kumawonjezera mantha ndipo mantha amazitalikitsa. Ndizidziuza kuti ndili m'chipatala, izi ndazidziwa, zitha zokha. Ndizipuma pang'onopang'ono, ndipo chilichonse chimene ndingaone kapena kumva ndichitenge ngati maloto mpaka chala chitagwedezeka.

Ndamufunsa ngati palibe piritsi. Akuti piritsi lake ndi tulo tabwino ndi kugona chammbali, zimene zidzabwera opaleshoni ikachitika.

Lolemba, 16 Juni

Zikugwira ntchito. Loweruka ndinayesa, dzulo ndinayesanso, lero kachitatu. Ndimangogona phee, ndikupuma ngati ndikulowetsa ulusi pa singano. Kasitomala amabwerabe koma akuoneka wochepa, lero sanafike n'kumiyendo komwe, anaima pakhomo. Sizikuchedwanso kutha. Ndauza amuna anga kuti ndikatuluka muno azidzagona mpaka m'mawa osandilondera. Ati aona.

Amayi a Ambulera akudandaula kuti ndawachotsa ntchito popanda chenjezo. Ndawafunsa kuti popeza sindikupumanso mwaphokoso, amadziwa bwanji zikandigwira. Akuti amadziwa ndithu, maso anga amakhala otsegula, owala, osayang'ana chinthu, ngati a nsomba ya patebulo. Ndati zikomo kwambiri chifukwa cha ulemuwo.

Mapazi awo aphwera. Dokotala wamkulu wati mwina sabata yamawa awachita opaleshoni. Andionetsa nsalu ya maluwa abuluu imene mwana wawo anawagulira, akufuna ndidzawasokere diresi la manja aatali, lopanda zipi kumbuyo chifukwa manja safikako. Ndawayeza ndi maso. Ndawauza kuti litha Lachisanu, sindinanene Lachisanu lake.

Lachitatu, 18 Juni

Amayi a Ambulera amwalira lero masana. Sindingathe kulemba.

Lachinayi, 19 Juni

Ndilembe, apo ayi mutu uphulika.

Dzulo titadya tinkacheza za mitengo ya nsalu, tulo tinandiba mutu utapendekera kwa iwo. Nditadzuka thupi linali lomangika, ndipo maso anga anali pa iwo. Supuni inali kulira. Ndinawaona akugogoda, milomo itada, akundiyang'ana.

Ndinadziuza zimene ndinaphunzitsidwa. Ndili m'chipatala, izi ndazidziwa, ndinazionapo kale Lachinayi lija, iwo akusenda lalanje. Ndinapuma pang'onopang'ono. Mtima unakhala pansi ndithu, ndinadzitamanso kuti taonani mmene ndakulira. Ndinawayang'ana akuvutika, ine ndili phee, ndikudikira kuti malotowo athe.

Supuni inagwa pansi. Ndinaona dzanja lawo likufufuza pambali pa bedi, likugwira ambulera, likuikweza movutika. Koyamba sinafike. Kachiwiri inandikhudza pa mkono, osati kubaya, kungokhudza. Thupi linamasuka, ndipo iwo anali pomwepo, milomo ili yakuda chimodzimodzi.

Ndinakuwa. Nesi anabwera, anaitana anzake, anatseka makatani. Anawatulutsa pa bedi lamawilo. Mwana wawo pofika madzulo ndi malalanje anapeza zatha, analondoleredwa kwina, muno sanalowe.

Sindikudziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Ndikamakumbukira zimakhala ngati masana onse.

Lachisanu, 20 Juni

Sindinagone masana, ndinadzitsina mkono mpaka tiyi atabwera. Sindinadye. Amuna anga anakhala nthawi yonse ya alendo atagwira phazi langa labwinolo.

Dokotala wa magalasi wabwera yekha, osati pa nthawi yoyendera odwala. Akuti sanali madzi a m'mapapo ngati kale. Magazi anaundana m'mwendo wothyokawo, chibuluma chinayenda n'kukatseka mtsempha wa m'mapapo, ndipo pa mtima wofooka ngati uja, ngakhale nesi akanaima pambali pawo zikanavuta. Akutinso kumangika kuja sikukhalitsa monga mwini wake amamvera. Ndamufunsa ngati angalumbire kuti ndikanalimbana nazo sizikanathandiza. Wavula magalasi, wati sangalumbire, koma ndi zimene akukhulupirira. Kenako wati malangizo aja anandipatsa ndi iye, ndipo nkhani ya supuni ankaidziwa, anayenera kuiganizira. Maso ake anali ofiira. Sindinamukwiyire, anandiuza zoona. Kungoti zoonazo zinalibe malo a Amayi a Ambulera.

Chitsulo choika m'fupa chija chafika. Opaleshoni Lolemba m'mawa. Andiuza kuti Lamulungu ndisadye chilichonse ukatha mgonero.

Lamulungu, 22 Juni

Anditenga magazi, andimeta ntchafu, wogonetsa anthu pa opaleshoni wabwera kudzandimvera chifuwa. Pa bedi lija pagona mtsikana wothyoka mkono, amangoseweretsa foni.

Masana, nthawi ya alendo, kwabwera mwana wa Amayi a Ambulera. Maliro anaika dzulo. Wavala zakuda, waonda m'masiku ochepa omwewa. Amuna anga anamupatsa mpando n'kutuluka pakhonde. Ndinamupepesa, anayankha.

Anati chimene chikumusowetsa tulo si imfayo, poti ankadziwa kuti mtima uja sudzapita patali. Koma anauzidwa kuti zinachitika masana wodi yonse ili m'tulo, ndipo ine ndinadzidzimuka kumapeto kwenikweni n'kuitana nesi. Ndiye akangotseka maso amaona mayi ake akuvutika okha pakati pa anthu ogona, popanda ndi mmodzi yemwe wowaona, iye ali kufakitale akulongedza sopo. Sanabwere kudzandiimba mlandu. Anabwera kudzandithokoza chifukwa chokuwa.

Ndikanatha kulandira zikomoyo. Palibe akanadziwa kupatula dokotala ndi amuna anga. Koma ndinamuyang'ana mmene anapindira manja pamiyendo, ndinaona kuti chithunzi chimenecho adzakalamba nacho, ndipo si choona.

Ndinamuuza zonse. Za matenda angawa, za pangano, za Lachinayi la lalanje, za malangizo a dokotala. Ndinamuuza kuti supuni ndinaimva kuyambira pachiyambi, ndinawaona, ndipo ndinagona phee dala poganiza kuti ndikulota. Sindinachotsepo kanthu. Ndikulankhula iye anayang'ana pansi, misozi ikugwera pa chikwama.

"Mukanangonena kuti munali m'tulo, amayi," anatero. "Ndikanapita nazo bwino."

Mwina akunena zoona. Koma ndinapitiriza.

"Ndinali maso, mwanangu. Ena onse anali m'tulo, koma ine ndinali maso, ndikuwayang'ana, iwo akundiyang'ana. Ndipo ankadziwa chimene chandigwira. Sanapite akuganiza kuti ndawataya."

Ndinaganiza kuti anyamuka, ndipo ndikanamumvetsa. Koma sananyamuke, anafunsa, osandiyang'ana, ngati mayi ake ankaoneka amantha. Ndinati poyamba inde, koma atasiya supuni ayi, ankaoneka ngati munthu amene ali ndi ntchito yoti amalize. Anagwedeza mutu kuvomera, akuti ndi mmene mayi ake analili.

Sananene kuti wandikhululukira, ndipo ine sindinapemphe. Belu litalira alendo onse anatuluka, iye anakhalabe pampando. Nesi anabwera kudzamuuza kuti nthawi yatha, anamuyang'ana, anandiyang'ana, n'kubwerera. Tulo tinayamba kundilemera m'maso ndipo ndinalimbana nato, ndikuopa.

"Gonani, amayi," anatero. "Lero sindikupita ku ntchito."

Ndagona mpaka tiyi. Podzuka ndapeza wapita.